Monita siwotcha laputopu: yankho la mkonzi

Uthenga wina wakhala ukuyenda m'magulu a WhatsApp, ndipo ena mwa okonza makompyuta m'matauni mwathu akuunena ngati lamulo. Akuti musayerekeze kulumikiza monita kapena TV ku laputopu, chifukwa sikirini yaikulu imakoka mphamvu zambiri mpaka kuwotcha zipangizo za m'kati. Umboni wawo ndi phokoso la fani. Akuti mukangolowetsa chingwe cha HDMI, fani n'kuyamba kulira, dziwani kuti laputopu yanu yayamba kufa. Ife tikukana. Kutentha anthu akukumvadi, phokoso nalonso akulimvadi, koma mlandu akuupereka kwa wosalakwa, ndipo pochita zimenezi akusiya wolakwa weniweni akuyenda momasuka.

Tiyambe ndi nkhani ya mphamvu, poti ndi pamene uthengawu waikapo phazi. Monita ya pa desiki ili ndi chingwe chake cha magetsi, TV nayonso chimodzimodzi. Nyali zimene zimaunikira sikirini, zomwe ndi zimene zimadya magetsi ambiri, zimadyera pa soketi ya pakhoma. Chimene chimadutsa m'chingwe cha HDMI ndi chithunzi ndi mawu, kuphatikizapo timagetsi tochepa ta mavoti 5 tothandiza zipangizo ziwirizi kuzindikirana, tosafika ngakhale theka la wati imodzi. Chaja ya laputopu wamba imapereka mawati 45 kapena 65, ndiye mutha kuona nokha kuchepa kwake. TV ya mainchesi 55 silanda mphamvu zambiri ku laputopu kuposa monita ya mainchesi 22. Mamonita okhawo amene amadyera pa laputopu ndi ang'onoang'ono onyamula m'chikwama, olumikiza ndi chingwe chimodzi cha USB-C, ndipo awa kuno sanachuluke.

Chimene laputopu imamva si kukula kwa galasi koma kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi timene ikuyenera kujambula. Sikirini ya 1920 x 1080 ili ndi timadontho 2,073,600, ndipo nthawi zambiri chithunzi chimatumizidwa ka 60 pa sekondi iliyonse. Ya 4K, ya 3840 x 2160, ili ndi timadontho 8,294,400, kuchuluka kanayi. Monita ya masewero ikhoza kufuna chithunzi ka 144 pa sekondi. Ntchito yonseyi imagwera GPU, kachipangizo kojambula zithunzi. Malaputopu a mu ofesi amene adzaza m'mashopu mwathu, monga Dell Latitude, HP EliteBook ndi Lenovo ThinkPad, ambiri mwa iwo ali ndi GPU yomangidwira m'purosesa momwemo, ndipo monita imodzi ya 1080p pa iwo ndi ntchito yopepuka. Anapangidwira zomwezo. M'maofesi a kunja kumene ambiri anachokera, ankakhala pa desiki tsiku lonse atalumikizidwa ku monita, ena mpaka mamonita awiri, kwa zaka, asanagulitsidwe n'kubwera kuno akugwirabe ntchito.

Pali malaputopu ena amene amatenthadi mooneka akalumikizidwa, ndipo sitibisa zimenezi. Awa ndi amene ali ndi ma GPU awiri, yaing'ono yosadya magetsi ndi yaikulu ya Nvidia kapena AMD. Mukamalemba kalata pa sikirini ya laputopuyo, yaikuluyo imagona. Koma pa malaputopu ambiri a masewero komanso a akatswiri ojambula, doko la HDMI analilumikiza ku GPU yaikuluyo mwachindunji, moti monita ikangolowa, iyo imadzuka ndipo sigonanso mpaka chingwe chichoke. Chitsanzo chodziwika bwino ndi MacBook Pro ya mainchesi 16 imene Apple inatulutsa mu November 2019, yokhala ndi GPU ya Radeon Pro 5300M kapena 5500M. Eni ake ambiri anadandaula kuti akalumikiza monita chivundikiro chili chotsekula, GPU inkadya mawati pafupifupi 18 mpaka 20 ngakhale kompyuta ili phee, ndipo mafani ankalira tsiku lonse. Dandaulo lawo linali lomveka. Koma linali la kapangidwe ka mtundu umenewo, ndipo chimene ankadandaula chinali phokoso ndi kufunda, osati kuti monita yawotcha makina. Chaka chotsatira, mu November 2020, kampani yomweyo inatulutsa MacBook Air ya M1 yopanda fani n'komwe, imene imayendetsa monita ya 6K. Monita ikanakhala kuti imawotcha, laputopu imeneyi sakanayerekeza kuigulitsa.

Palinso zina zimene zimachitika nthawi imodzi ndi kulumikiza monita, anthu n'kuzisokoneza. Munthu akakhala pa desiki salowetsa HDMI yokha, amalowetsanso chaja. Laputopu ikamva kuti ili pa magetsi a pakhoma, Windows imamasula purosesa kuti ithamange kuposa mmene imachitira pa batire, ndipo batire lomwe likamatchajidwa limafunda. Kenako malo akachuluka pa sikirini, ntchito nayo imachuluka: kuno msonkhano wa Zoom kamera ili yoyatsa, uko Excel, kumbuyo Chrome ili ndi masamba ambirimbiri otsekula, YouTube ikuimba. Amene amagwiritsa ntchito madoko a USB a mtundu wa DisplayLink ali ndi katundu wina, chifukwa chithunzi chimayamba chapanikizidwa ndi kompyuta yomweyo chisanatumizidwe ku monita, ndipo purosesa imatenga nawo gawo. Walira mvula walira matope. Wofuna masikirini awiri odzaza ndi ntchito avomere kuti makina afundako.

Tsono phokoso la fani likutanthauza chiyani? Munthu akamalima n'kutuluka thukuta sitinena kuti wadwala, timadziwa kuti thupi likudziziziritsa. Fani nayo ntchito yake ndi imeneyo. Kutentha kwa purosesa kumayenda m'kapaipi ka kopa mpaka pa timapepala tachitsulo tili pafupi ndi potulukira mpweya, ndipo fani imauzira mphepo pamenepo kuti kutenthako kutuluke. Ikalira kwambiri ndiye kuti ikuyesetsa kutulutsa kutentha kwambiri. Mapurosesa ambiri a Intel a m'malaputopu amaloledwa kufika madigiri 100, ndipo akayandikira pamenepo amadzichepetsera okha liwiro. Zikakanikabe, kompyuta imazima yokha isanapse. Chitetezo chimenechi chakhalapo kuyambira m'masiku a purosesa ya Pentium 4, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Chodetsa nkhawa ndi laputopu yotentha koma ili chete, chifukwa mwina fani yafa. Chinanso ndi phokoso lokhwekhwereza kapena logogoda, losiyana ndi mkokomo wa mphepo, limene limasonyeza kuti fani yatha kapena ikugunda kanthu. ThinkPad imalemba kuti "Fan error" poyatsa, ndipo HP imaonetsa nambala 90B. Mauthenga amenewa ndi oyenera kuwamvera, ndipo alibe chochita ndi monita.

Mantha amene ali muuthenga uja ali ndi kumene anachokera. Mu July 2008, Nvidia inavomereza kuti ena mwa ma GPU ake a m'malaputopu anali ndi vuto la zipangizo zomatira, ndipo inapatula ndalama zapakati pa madola 150 miliyoni ndi 200 miliyoni zolipirira kukonza. Malaputopu a HP, Dell ndi Apple ankafa sikirini chifukwa malumikizidwe a pansi pa GPU ankasweka pang'onopang'ono akamatentha ndi kuzizira mobwerezabwereza. MacBook Pro za 2011 zinakumananso ndi vuto la GPU, mpaka Apple inayamba kuzikonza ulere mu February 2015. Okonza makompyuta amene anagwira makina a nthawi imeneyo anaona ndi maso awo GPU ikufa, choncho sitikuwaseka. Koma amenewo anali makina opangidwa molakwika, ndipo ankafa ngakhale m'manja mwa anthu amene sanalumikizepo monita. Onaninso chimene Dell ndi HP anachita pofuna kuchepetsa vutolo: anatulutsa pulogalamu yatsopano ya BIOS yopangitsa fani kuzungulira nthawi yaitali kuposa kale. Opanga makina eni ake anaona phokoso la fani ngati mankhwala.

Wolakwa weniweni m'nyumba zathu zambiri ndi fumbi. Aliyense amene anaonapo laputopu ya zaka zisanu ikutsekulidwa pa benchi ya wokonza akudziwa zimene zimapezeka. Fani ikachotsedwa, pakati pa iyo ndi timapepala tachitsulo tija pamakhala chimkeka chotuwa cha fumbi, ulusi wa mabulangete ndi tsitsi, cholimba moti chimanyamuka chathunthu ndi kachitsulo kotolera. Mphepo imafika pamenepo n'kubwerera. Pansi pa kapaipi ka kopa, phala la thermal paste limene limathandiza kutentha kuchoka pa purosesa limakhala litauma gwa, likusweka ngati dothi. Laputopu yotere imakhala itafika kale m'malire. Ikamagwira ntchito yopepuka imapirira, koma mukangoiwonjezera kantchito kakang'ono ka monita, fani imakuwa. Monita yangoulula matenda amene analipo kale. Ambiri timagula malaputopu ogwiritsidwa kale ntchito, osadziwa kuti anatsukidwa liti m'kati, kenako n'kuwadutsitsa m'chilimwe cha fumbi cha August mpaka October.

Kaikidwe nakonso kamapha. Madzulo banja likafuna kuonera filimu pa TV, laputopu imaikidwa pa sofa, pa bedi kapena pa kapeti, ndipo mabowo olowera mpweya a pansi amatsekeka ndi nsalu. Ena amaitseka chivundikiro n'kuilowetsa m'kabati ya TV, pambali pa dikoda yofunda kale. Malaputopu ena amatulutsa gawo la kutentha kudzera pa kiyibodi kapena pafupi ndi mahinji, moti kuwatseka kumawonjezera vuto. Onjezani nyengo. Apple imalemba kuti malaputopu ake agwiritsidwe ntchito pamalo a madigiri 10 mpaka 35, ndipo makampani ena ambiri amanena zofanana. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, October ndi November amadutsa madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i ku Salima kapena ku Karonga masana mumakhala motentha kwambiri. Fani imaziziritsa ndi mpweya umene yaupeza m'chipindamo. Mpweyawo ukakhala wotentha, iyenera kuzungulira kwambiri kuti ichite ntchito yomweyo.

Chimene kutentha kwa nthawi yaitali kumawonongadi ndi batire, ndipo uthenga uja sulitchula n'komwe. Batire la lithium-ion limakalamba msanga likamakhala lofunda komanso lodzaza 100 peresenti tsiku ndi tsiku, monga zimakhalira pa laputopu imene sichoka pa desiki. Lenovo, Dell ndi ASUS ali ndi mapulogalamu olola kuti batire lisamadzaze mpaka pakamwa, lizilekezera cha pa 80 peresenti kapena kucheperapo, ndipo wogwira ntchito pa monita tsiku lonse ayenera kuyatsa zimenezi. Mukaona kuti trackpad yatukuka, kiyibodi yapindika kapena laputopu sikukhazikika bwino pa tebulo, batire latupa. Pamenepo zimitsani, chotsani chaja, pitani nayo kwa wokonza, ndipo musayese kuliboola kapena kulikanikiza.

Ena anena kuti uthengawu ngakhale uli wolakwika suvulaza munthu, kungoti anthu asamale. Sitikugwirizana nazo. Wowerengera ndalama amene waopa monita amakhala tsiku lonse atawerama pa sikirini ya mainchesi 13 kapena 14, khosi ndi maso zikumupweteka. Mphunzitsi amaopa kulumikiza pulojekita. Choipa kwambiri n'chakuti munthu akachotsa monita fani n'kukhalako chete, amaganiza kuti vuto latha, pamene fumbi lija likadali m'kati ndipo likuwonjezeka. Ena amafika poika laputopu mufiriji kapena pa madzi oundana, osadziwa kuti chinyezi chimene chimasanduka timadontho ta madzi m'kati chimawononga motherboard kuposa kutentha kumene akuthawa. Enanso amauzidwa kuti makina apsa, agule ena, pamene chofunika chinali kutsuka basi.

Kudziwa choona sikufuna ndalama. Pa Windows, dinani Ctrl, Shift ndi Esc kuti Task Manager itseguke, muone pulogalamu imene ikudya purosesa, ndipo pa gawo la Performance muone ngati pali GPU 0 ndi GPU 1 komanso imene ikugwira ntchito. Pa Mac, Activity Monitor imaonetsa zofanana. Chotsani monita koma musiye chaja ndi mapulogalamu onse mmene analili. Fani ikapitiriza kulira, monita yatuluka m'mlandu. Ikakhala chete, bwezerani monita muyese kutsitsa liwiro lake kufika pa 60 Hz (ka 60 pa sekondi), kapena dinani Windows ndi P musankhe sikirini yachiwiri yokha chivundikiro chili chotsekula. Ngati laputopu ili ndi HDMI komanso USB-C yotulutsa chithunzi, yesani doko linalo, chifukwa pa makina ena madoko awiriwa amapita ku ma GPU osiyana. Ikani laputopu pa tebulo lolimba, mutukule kumbuyo kwake pang'ono kuti mpweya uzilowa, kenako ikani dzanja potulukira mphepo. Fani ikamakuwa koma mphepo ikutuluka yofooka, njira yatsekeka.

Kwa okonza makompyuta, pempho lathu ndi lakuti kasitomala akabwera ndi dandaulo la phokoso, mutsekule makina iye akuona, mumuonetse zimene zili pa fani, mutsuke, mupake thermal paste yatsopano, ndipo mulumikize monita pomwepo kuti amve kusiyana kwake. Ntchito imeneyi ndi yoyenera malipiro ndipo imabweza makasitomala. Kwa owerenga, uthenga uja ukakufikaninso musautumize kwa ena. Funsani amene wautumizayo kuti laputopu yake inatsukidwa liti m'kati.