Kukana Mwamtendere si Mantha

Achinyamata anzanga mwa Khristu, pali bodza limene lafala pakati pathu, loti boma limamva mwala basi, ndipo woyenda pa zionetsero chimanjamanja ndi wamantha. Amene amatero saidziwa mbiri ya dziko lino.

M'chaka cha 1953 atsamunda anatikakamiza kulowa m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chipani cha Nyasaland African Congress pamodzi ndi mafumu anagwirizana zokana kugwira ntchito ndi boma, koma osakhetsa mwazi. Inkosi Philip Gomani II ya ku Ntcheu inalamula anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe. Inanena poyera, dzina lake osabisa. Boma linaichotsa pa mpando ili yodwala. Inathawira ku Mozambique pamodzi ndi M'busa Michael Scott, koma Apwitikizi anawabweza, ndipo Scott anathamangitsidwa m'dziko muno. Inkosi inamwalira mu 1954. Kodi amenewa ndi mantha?

Ena adzati: nanga Chitaganya sichinabwerebe? Chinabwera ndithu. Komabe atsamunda sanathenso kunamiza dziko lapansi kuti anthu akuda achivomera, ndipo chinatha pa 31 December 1963, zaka khumi zokha.

Kusiyana kwake nku. Wokana lamulo loipa mwamtendere amasenza yekha chilango, pozindikira kuti walira mvula walira matope. Woswa sitolo ku Old Town amasenzetsa chilangocho mayi wogulitsa tomato ndi mlonda wa pakhomo, amene sanapange lamulo lililonse. Zionetsero za mu 2019 zinali ndi chifukwa chomveka, ndipo khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti mu February 2020. Koma amene anaba ndi kuotcha katundu wa eni sanawonjezepo kanthu pa chilungamocho. Anangopatsa adani ake chonena.

Atumwi anakana kumvera bwalo lalikulu la Ayuda pamene linawaletsa kulalika, nalandira zikwapu. Petro yemweyo, Ambuye anali atamuletsa kale lupanga m'munda muja. Nawonso Aepiskopi athu, pa 8 March 1992, anagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi ndi kalata yowerengedwa m'matchalitchi.

Tsono tsiku limene mudzayende kupita ku City Centre kukapereka madandaulo, pitani nkhope yosaphimba, manja opanda mwala, okonzeka kugona m'chitokosi chifukwa cha choonadi. Ngati mtengo umenewo simungaulipire, musaulipiritse mnzanu.