Klara analakwitsa pamalo amodzi

Amayi anzanga, lero tikambe za buku. Ndikudziwa kuti nthawi yowerenga nkhani zopeka ambirife tilibe, koma ili likukhudza ntchito yathu ya m'miphakati, yozonda odwala.

Bukuli ndi Klara and the Sun, ndipo linatuluka mu 2021. Analemba ndi Kazuo Ishiguro, yemwe anabadwira ku Nagasaki m'dziko la Japan mu 1954, nakulira ku Britain, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2017. Nkhani yake ikuchitika m'tsogolo, pamene makolo opeza bwino akugulira ana awo maloboti oti azicheza nawo. Wofotokoza nkhaniyo ndi Klara, loboti woyendera mphamvu ya dzuwa ngati sola zathuzi. Anamugulira Josie, mtsikana wa zaka 14 wodwaladwala. Matendawo anabwera chifukwa makolo anavomera kuti thupi la mwanayo lisinthidwe ndi asayansi kuti akhale wanzeru kuposa anzake. Mkulu wake, Sal, anamwalira kale.

Klara amasamala Josie mokhulupirika, moti nthawi zina ndinkachita manyazi powerenga. Poona kuti dzuwa limamupatsa iye mphamvu, amakhulupirira kuti lingachiritsenso mwanayo. Amapita kukalichonderera, mpaka kulolera kutaya zina za m'thupi mwake kuti pempho lake limveke.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi mayi ake a Josie. Poopa kuika mwana wachiwiri m'manda, anakonza zoti Klara aphunzire kayendedwe, kalankhulidwe ndi kaganizidwe ka Josie, kuti mwanayo akamwalira, Klara alowe m'thupi lopangidwa mofanana naye ndi kupitiriza kukhala "Josie" m'nyumbamo. Sindikuwaweruza mayiwa. Amene munaikapo mwana mukudziwa zimene mtima umalakalaka usiku wa maliro.

Josie anachira, choncho chikonzerocho sichinachitike. Kumapeto Klara amavomereza kuti sakanatha kulowa m'malo mwa mwanayo. Chifukwa chimene amapereka n'chakuti chinthu chapadera chimene iye sakanachifikira chinali m'mitima ya anthu okonda Josie, osati mwa Josie mwini.

Yankho limeneli limakoma m'khutu, ndipo owerenga ambiri amaligomera. Ine ndikulikana. Ngati mtengo wa munthu uli m'mitima ya omukonda basi, nanga gogo uja amene mudzi wonse ukumunena kuti ndi mfiti, amene ngakhale adzukulu ake safika pakhomo pake? Nanga wodwala misala wogona pakhonde la sitolo, kapena bambo amene wagonekedwa m'chipatala popanda gadiyani? Potsatira nzeru ya Klara, anthu amenewa alibe chapadera chilichonse, chifukwa palibe mtima umene ukuwasunga. Komatu amenewa ndiwo amene timawatengera ufa ndi sopo. Sitipita kwa iwo kuti tikawapatse ulemerero umene analibe. Timapita chifukwa ali nawo kale: Mulungu anawalenga m'chifaniziro chake, ndipo anawakonda ife tisanawadziwe n'komwe. Klara anayang'ana mwa Josie ndi mwa achibale ake. Sanadziwe kuti pali winanso womukonda, woposa dzuwa limene ankalipembedza.

Musaganize kuti izi n'zakutali. Mafoni amene ali m'manja mwa ana athu ali kale ndi mapulogalamu a AI amene amayankha ngati munthu, usana ndi usiku, osatopa, osakalipa. Mu Januwale 2025 Vatican inatulutsa chikalata chotchedwa Antiqua et Nova, chimene chikuvomereza kuti makinawa angathandize pa zachipatala, koma chikuchenjeza kuti akalowa m'malo mwa munthu wosamala wodwala, kusungulumwa kwa wodwalayo kungakule. Ine makina othandiza dokotala kupeza matenda msanga ndiwalandira ndi manja awiri. Chimene ndikuopa n'chakuti tidzapeza chonamizira: "Ali ndi foni, akucheza nayo."

Pali chinanso chimene bukuli linandikumbutsa. Josie atachira anakula n'kupita ku koleji, ndipo Klara anathera pabwalo lotayirako zinthu zakutha, ali yekha, akusanja zokumbukira zake. Pamenepo ndinaganiza za magadiyani athu, amayi amene amagona pansi pa bedi la wodwala milungu itatu, kuphika panja, kuchapa zovala zoipitsidwa. Wodwala akachira timapita kukamuona iye, titanyamula shuga. Uja anagona pasimenti timangomupatsa moni.