Musathamangire kufomata laputopu

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu ukuyenera kukhala pamtima pa aliyense amene laputopu yake yakana kuyaka kaamba koti magetsi adathima ili mkati modzikonza.

Vutoli si lachilendo m'boma la Chitipa. Malaputopu omwe ambiri timakwanitsa kugula ndi akaunjika, ena olowera ku Tunduma ndi Nakonde, ndipo mabatire ake amakhala otheratu. Magetsi akangophethira, nawo makinawo amazima pompo.

Chimachitika n'chiyani? Windows ikalephera kudzuka, imayamba yokha ntchito yotchedwa Startup Repair, yomwe idabwera ndi Windows Vista. Panthawiyi kompyuta imakhala ikukonza mafayilo oidzutsa. Ikadukizidwa, mafayilowo amatsala theka, ndipo makinawo amangozungulira pamodzimodzi osafika pogwira ntchito.

Koma dziwani kuti nthawi zambiri zikalata ndi zithunzi zanu zimakhala zili bwinobwino mu hadi disiki. Kiyi ndiye wathyokera pachitseko, katundu ali m'nyumba momwemo.

N'chifukwa chake zimandikhumudwitsa kuti okonza makompyuta ena akangoona vutoli, mawu awo oyamba amakhala akuti: "Bwana, iyi tingoifomata." Kwa iwo ndi ntchito yachangu. Nanga mphunzitsi wa ku Nthalire yemwe adasungamo malikisi a ophunzira chaka chonse? Nanga mlembi wa kopaletivi ya khofi ku Misuku yemwe kaundula wa alimi ali momwemo? Kodi tingagwetse nyumba chifukwa cha loko?

Njira zilipo. Choyamba, musayatsenso makinawo kufikira mutapeza magetsi odalirika, kaya a sola kaya a jenereta. Akayamba kudzikonza asiyeni, ngakhale patapita ola. Zikakanika, pitani pa Advanced options n'kuyesa Safe Mode kapena System Restore, yomwe imabweza Windows momwe idalili kale osakhudza zikalata zanu.

Zikavutabe, uzani wokonzayo ayambe wapulumutsa mafayilo. Angathe kudzutsa kompyutayo ndi fulashi, kapena kuchotsa hadi disiki n'kuilumikiza ku kompyuta ina. Eni malaputopu a Windows 11 asamale: ambiri amakhala otsekedwa ndi BitLocker, ndipo popanda nambala yake yotsekulira, yomwe kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft, ngakhale katswiri sangaphule kanthu. Ilembeni papepala lero.

Ena anena kuti zonsezi n'zodya nthawi ndi ndalama. N'zoona. Koma kuchoka pa boma la Chitipa kupita ku Karonga kukasaka katswiri wina ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo disiki ikafomatidwa n'kulembedwamo zatsopano, ulendowo ungathe kungopita pachabe.

Tisadzinamizenso kuti magetsi adzaleka kuthima. Tonse tikukumbuka mdima womwe udagwa mu January 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130.

Tsono batire likafa, gulani lina. Zofunika zonse muzizisunganso pa fulashi kapena pa intaneti sabata iliyonse. Ndipo inu okonza, musanafufute kanthu, funsani kaye mwini wake kuti muli chiyani m'menemo. Windows imaikidwanso mawa, koma thukuta la munthu likafufutika silibwerera.