Pepala Lokha Silimanga Mudzi

Mwezi wathawu tinasonkhana pakhomo pa mlongo wanga cha ku Kaporo kuti titsanzikane ndi mwana wake wamkazi amene wasankhidwa kupita ku sukulu ya ukachenjede. Nkhuku zinafa, mpunga wa kilombero unanunkhira mpaka kumsewu, ndipo mbalagha inali yosachita kupempha. Titakhuta, akuluakulu anayamba kumulangiza mwanayo mmodzimmodzi. Woyamba anati, "Ukawerenge, usakayang'ane kumanzere kapena kumanja." Wachiwiri anati, "Anthu a kumene ukupitako sitiwadziwa, ukacheze ndi akwanu okhaokha." Wachitatu ndiye anaomberedwa m'manja kwambiri: "Chimene tikufuna ife ndi pepala. Ukatenge pepala, upeze ntchito m'tauni, uchoke m'matope muno."

Mwanayo anandiyang'ana nati, "Nanga amalume, inu amene munapitako, simunena kanthu?" Ndinangoti, "Akulu anena kale, mwanawe." Ndinanama. Ndinaopa kutsutsa anthu a imvi pamaso pa alendo, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione. Zimene ndinalephera kunena pa mkeka paja ndikuzinena pano, kwa iye ndi kwa anzake onse amene akumanga katundu chaka chino. Malangizo amene timapatsa ana athu popita ku koleji ndi olakwika. Timawapereka mwachikondi, koma ndi olakwika, ndipo ine ndine umboni wake.

Zaka zoposa 20 zapitazo ndinakwera basi pa Karonga boma nditasenza malangizo omwewa. Pamene basi inkakwera phiri la Chiweta, nyanja ikuchepera kumbuyo kwanga, mumtima ndinkati ndapulumuka. Ndinakhala zaka zinayi pa koleji ina kummwera ndipo ndinamvera akulu mokhulupirika. Ndinkakopera chilichonse chotuluka pakamwa pa mphunzitsi, n'kuchiloweza, n'kukachisanza pa mayeso. Ndinkasakasaka mafunso a mayeso a zaka zam'mbuyo ngati munthu wosaka ngumbi. M'nyumba ya mabuku ndinkalowamo mayeso akayandikira basi. M'zaka zinayi zonsezo sindikumbukira tsiku limene ndinakweza dzanja m'kalasi kufunsa funso, chifukwa ndinkaopa kuti anzanga aseka kalankhulidwe kanga ka kumpoto. Ndinakhoza bwino, ndinavala mkanjo, chithunzi chili pakhoma mpaka lero. Ndinalowa ntchito m'boma ndipo patapita zaka anandibwezera kwathu konkuno.

Tsono mu Disembala 2009 nthaka ya Karonga inagwedezeka. Zivomezi zinatsatizana kwa masabata, nyumba zinang'aluka, zina zinagwa, anthu anafa, ndipo ambiri tinkagona panja mvula ili pamutu. M'mawa wina ndikupita kuntchito anandiimitsa mkulu wina amene nyumba yake inagwa khoma limodzi. Anavula chipewa nati, "Bambo, inu ndinu ophunzira. Tandiuzani, ndimangenso pomwepa kapena ndisamuke? Ndipo ndimange bwanji kuti isadzagwenso?" Ndinayankha zachizungu zambirimbiri zopanda mutu, kenaka ndinati boma likuyang'anapo. Mkuluyo anavala chipewa chake, nathokoza mwaulemu, n'kumapita. Ulemu wakewo unandipweteka kuposa chipongwe.

Wina anganene kuti sindinaphunzire za miyala kapena zomangamanga, choncho ndinalibe mlandu. N'zoona, sindinaphunzire zimenezo. Koma chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti sindinkadziwa ngakhale poyambira kufufuza. Ndinabadwira m'chigwa chachikulu chimene nthaka yake inang'ambika kalekale n'kupanga nyanja yathuyi, koma sindinadzifunsepo chifukwa chake mapiri ali uko, nyanja ili uku. Koleji inali ndi mabuku ndi akatswiri odziwa zimenezi, ndipo ine ndinkawadutsa tsiku ndi tsiku ndikuthamangira pepala. Ndinabwerako ndi mayankho a mafunso a anthu ena, koma luso lofunsa ndi kulondola funso langalanga ndinalisiya komweko.

Taonani tsono zimene ena apeza m'boma limene ife timauza ana athu kuti alithawe. Mu 1991, ku Uraha kufupi ndi Chilumba, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linafukula chibwano cha munthu wamakedzana cha zaka zoposa 2 miliyoni, chimodzi mwa zotsalira zakale kwambiri za mtundu wa anthu. Ku Mwakasyunguti kunafukulidwa mafupa a chinyama chachikulu chimene mu 1993 chinatchedwa Malawisaurus, ndipo chifanizo cha mafupa ake chaima m'nyumba yosungira mbiri imene inatsegulidwa pa Karonga mu 2004. Ku Chilumba, kafukufuku wa matenda a khate amene anayamba mu 1979 anadzaphunzitsa madokotala a dziko lonse lapansi kuti katemera wa BCG ankateteza anthu akuno ku khate koma osati ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Ku Kayelekera, kampani ya ku Australia ya Paladin inayamba kukumba miyala ya yureniyamu mu 2009, inaimitsa mu 2014, ndipo mu 2025 mgodiwo unayambanso pansi pa kampani ina. Pamene anthu ankakangana za madzi a m'mitsinje ndi fumbi la pamgodipo, ndi angati mwa ife ovala mikanjo amene tikanatha kutunga madzi m'botolo, kuwayeza, n'kuuza mafumu zoona zake?

Sindikudandaula kuti alendo anabwera. Akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo tiwathokoze. Chimene ndikunena n'chakuti alendowo anabwera ndi mafunso, pamene ife tinachoka ndi njala ya pepala. Anawoloka nyanja zamchere kudzagwada pa dothi limene ife tinkalisasa kumapazi pokwera basi. Ndipo tisanamizire khungu. Elizabeth Gomani, Mmalawi mnzathu, anali m'gulu limene linatcha dzina la Malawisaurus, anapitiriza kuphunzira mafupawo mpaka kukhala dokotala wa maphunziro, ndipo mu 2005 anafotokozera dziko chinyama china nachitcha Karongasaurus. Dzina la boma lathu lili m'mabuku a sayansi chifukwa mayi mmodzi anakakamira funso.

Kwa zaka zambiri ife akumpoto takhala tikulira za khomo lolowera ku yunivesite. Ndondomeko yosankha ophunzira potengera boma lochokera inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, inatha, inabweranso mu 2009, ndipo inathetsedwa mu 2020. Kulira kumeneko kunali ndi chifukwa, pakuti ana okhoza bwino ankatsala. Koma pa mikangano yonseyo, m'mabasi ndi m'maliro, sindinamvepo wina akufunsa kuti mwana akalowa pakhomopo akukatengako chiyani. Tinamenyera khomo, za m'nyumbamo sitinaziganize.

Ndikudziwa chimene mlongo wanga angandiyankhe, ndipo sindichipeputsa. Anganene kuti, "Achimwene, inu mukulankhula mutakhuta. Ine ndagulitsa ng'ombe kuti mwanayu apite. Mafunso sadyedwa." Ali ndi mfundo. Umphawi si nthano, ndipo mwana amene makolo ake adzimana ayenera kubwera ndi chothandiza. Koma taganizani za nthawi imene tili. Pamene Yunivesite ya Malawi inkatsegulidwa mu 1965, munthu wa digiri anali wosowa ngati mvula ya mu Seputembala, ndipo ntchito inkamudikira pakhomo. Yunivesite ya Mzuzu inatsegulidwa mu 1999, ya Luanar inaima payokha, ya Must inabwera ku Thyolo, ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu. Lero mayunivesite a boma alipo asanu ndi imodzi, osawerengera a mipingo ndi a anthu wamba. Pepala lili ndi aliyense. Ine ndakhalapo pa magulu ofunsa anthu ofuna ntchito, ndipo ndaona achinyamata khumi atanyamula pepala lofanana. Amene amatsala m'maganizo mwathu ndi uja amene ukamupatsa vuto amadziwa polifukula. Ndiye ngakhale tikambe za mimba yokha, malangizo a pepala ndi akale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono inu amene mukunyamuka, imvani zimene ndikanakonda wina akanandiuza. Choyamba, musapite manja ali m'thumba. Tengani funso limodzi la kwanu muliike m'chikwama pamodzi ndi bulangete. N'chifukwa chiyani mtsinje wa North Rukuru umasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu, nanga tingakhale nawo bwanji? N'chifukwa chiyani mlimi wa mpunga ku Hara, ku Wovwe kapena ku Lufilya amagulitsa motchipa pa ndowa, mpunga womwewo n'kukadula m'sitolo za ku Lilongwe? Nanga mbiri ya Mlozi, amene ananyongedwa kuno mu 1895, agogo anu amaikamba mofanana ndi mabuku? Kaya mukuphunzira zaulimi, zamalamulo, zaunamwino kapena zauphunzitsi, funsolo lidzasandutsa phunziro lililonse kukhala lanu. Munthu wosaka chinthu amawerenga mosiyana ndi munthu woopa mayeso.

Chachiwiri, kwezani dzanja. Safunsa anadya phula. Akuseka Chichewa chanu kapena Chingerezi chanu, aleke aseke. Mawa adzabwera kudzakopera yankho limene inu munalipeza pofunsa. Aphunzitsi ambiri amene ndinkawaopa ndinadzazindikira mochedwa kuti ankakhala okha m'maofesi mwawo, akudikira wophunzira mmodzi wachidwi kuti agogode. Gogodani. Ndipo m'nyumba ya mabuku muzilowamo ngakhale sabata yoyamba, n'kutenga buku limene silidzabwera pa mayeso. Lero muli ndi intaneti m'manja, chinthu chimene ife tinkachimva ngati nthano, koma foni imayankha munthu amene ali ndi funso. Wopanda funso imangomudyera nthawi.

Chachitatu, kanani malangizo oti muzicheza ndi akwanu okhaokha. Ine ndinkadya ndi akwathu, kugona ndi akwathu, kudandaula ndi akwathu, ndipo ndinachoka kummwera osadziwa kummwerako. Mnzanga mmodzi yekha wochokera ku Nsanje, amene tinakumana mwangozi pa ntchito ya m'kalasi, ndiye anandiphunzitsa kuti kwawonso madzi amasefukira, kwawonso anthu amati boma linawaiwala. Koleji ndi malo amodzi okha amene dziko lonse la Malawi limagona pansi pa denga limodzi. Mukataya mwayi umenewo, mudzakalamba mukukhulupirira mabodza onena za anthu amene simunadye nawo nsima. Izi sizitanthauza kubisa kwanu. Lankhulani Chingonde ndi Chitumbuka chanu mosachita manyazi, muphunzitseko anzanu, inunso muphunzireko zawo.

Chachinayi ndi ndalama, pakuti njala yagwetsa ophunzira ambiri kuposa mayeso. Masiku athu tinkadya ku kafiteriya. Ambiri a inu mudzadzifunira nokha chakudya ndi pogona. Ngati mwalandira ngongole kuchokera ku bungwe lobwereketsa ophunzira limene linakhazikitsidwa mu 2015, dziwani kuti si mphatso. Ndi ndalama imene mng'ono wanu adzaifuna inu mukamaliza, ndiye mudzabweze. Ikangofika, lipirani nyumba, gulani ufa ndi nyemba, zotsalazo ndiye muzione. Ndinaona anzanga anzeru kundiposa akumwa ndalama ya teremu yonse m'masabata awiri. Ndinaonanso atsikana akugwa m'manja mwa azibambo a galimoto chifukwa choopa kunena kwawo kuti zinthu zavuta. Zikavuta nenani msanga, kwa makolo, kwa ampingo, kwa oyang'anira ophunzira. Chimodzimodzinso mukalephera phunziro: kulemba mayeso obwereza si imfa, koma kubisa ndi kumene kumapha.

Chotsiriza, pa tchuthi bwererani kwanu ndi kope. Musakakhale pakhonde mutapinda miyendo kudikira kuti akupatseni madzi osamba. Pitani kudimba, kudoko, kumsika wa pa Songwe, mukafunse ndi kulemba. Asodzi amadziwa za mphepo ya mwera zimene sizili m'buku lililonse, ndipo agogo amene akudziwa mayina a mbewu zakale akutha mmodzimmodzi. Sindikunena kuti nonse mudzagwire ntchito ku Karonga; dziko ndi lalikulu ndipo ena mudzafika kutali. Koma madzi saiwala khwawa. Kulikonse kumene mudzakhale, mudzakhale munthu amene mkulu wogwa khoma angamufunse n'kupeza poyambira.

Kwa akulu anzanga amene timakhala pa mkeka kulangiza ana, ndikupempha kuti tisinthe mawu athu. Tikamauza mwana kuti maphunziro ndi njira yothawira m'matope, tisadabwe akadzatiyang'ana ngati matope. Tinamutuma tokha.

Mwana wa mlongo wanga ananyamuka Loweruka lapitali. Ndinamuperekeza kokwerera basi, ndipo nditaona kuti akulu aja kulibe, ndinamupatsa kope latsopano. Pa tsamba loyamba ndinalembapo mtengo umene mayi ake anagulitsira ndowa ya mpunga chaka chino. Ndinati akafika alowe m'sitolo, aone mtengo wa mpunga womwewo m'paketi, aulembe pansi pake, ndipo pa zaka zinayi zikubwerazi adzandifotokozere kumene ndalama yapakatiyo imapita. Anaseka nati, "Amalume, zimenezi sizibwera pa mayeso." Ndinamuuza kuti ndikudziwa.