Chithunzi cha pakhoma, kodi nacho n'chuma?

Amayi anzanga, nyengo yogaŵana ndalama za banki mkhonde ikayandikira, funso limakhala limodzi m'magulu athu kuno ku Ndirande: tigule chiyani kuti ndalama zisasungunuke m'manja? Tonse tikukumbukira kuti mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo amene anasunga ndalama kunsi kwa mtsamiro anadzuka zitachepa mphamvu. N'chifukwa chake ena amathamangira malata, ena mbuzi za kumudzi, ena makina osokera. Tsono kwabweranso uphungu wina, wakuti tizigula zithunzi zojambula pamanja ndi ziboliboli kwa achinyamata amene angoyamba kumene, poti akadzatchuka tidzagulitsa pa mtengo wokwera. Uphunguwu uli ndi choona chake, koma ufunika kuupeta bwino.

Kuti ntchito ya munthu wosadziŵika ikhoza kudzasanduka chuma, zimenezo zinachitikadi. Ku Tanzania kunali bambo wina dzina lake Edward Saidi Tingatinga. Mu 1968 anayamba kujambula nyama ndi mbalame pa timatabwa ta siling'i, ndi penti wopakira njinga, nkumagulitsa motchipa kwa alendo mu mzinda wa Dar es Salaam. Anagwira ntchitoyi zaka zinayi zokha, pakuti mu 1972 anawomberedwa ndi apolisi amene anamuyesa wakuba. Lero zithunzi zimene anajambula iye mwini zimafunidwa kwambiri ndi anthu osonkhanitsa zaluso.

Ngakhale abale athu amene anapita kukagwira ntchito m'mafamu a ku Zimbabwe ali ndi mbiri yotere. Mu 1966 mlimi wa fodya, Tom Blomefield, ataona kuti malonda a fodya aloŵa pansi, analimbikitsa antchito ake kusema miyala pamalo otchedwa Tengenenge. Ambiri mwa iwo anali Acheŵa ndi Ayao ochokera kuno kwathu, monga Lemon Moses, ndipo zosema za pamalopo zinafika mpaka ku Ulaya.

Koma taonani mbali inayo. Otsanzira Tingatinga ajambula zithunzi zosaŵerengeka zofanana ndi zake, ndipo zimenezo mtengo wake sunapite patali. Chimene chimakweza mtengo ndi dzina la mmisiri pamodzi ndi kusoŵa kwa chinthucho. Mwa achinyamata ambiri amene ayamba kujambula, amene amadzatchuka ndi oŵerengeka, ndipo palibe mlosi angakuuzeni kuti ndi uyu. Komanso chithunzi sichibereka monga mbuzi. Mwana akadwala usiku, mbuzi mupeza woigula kusanache, koma chithunzi mukhoza kuyenda nacho kuchokera ku Ndirande mpaka ku Limbe osapeza wofunsa mtengo.

Motero uphungu wanga ndi uwu: ndalama za ngongole, za fizi ndi za mpamba wa geni zisapite ku zithunzi. Gulu lisayerekeze kuika thumba lake lonse m'malonda otere. Koma ngati mwagula chimanga, mwalipira lendi, ndipo patsala kangachepe kamene mukanagulira maluŵa a pulasitiki kapena chithunzi chosindikiza cha kunja, pamenepo ndi bwino kugula cha mwana wa kwathu. Mukatero, gulani mwanzeru.

Choyamba, phunzitsani maso anu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitani ku nyumba yosungiramo zakale ku Chichiri, kapena ku nyumba yakale ya Mandala yomangidwa mu 1882, kumene zojambula zakhala zikuonetsedwa kwa zaka zambiri. Amene muli ndi abale ku Mtakataka kaoneni ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976 ndi kuphunzitsa amisiri ambiri osema. Mukaona zabwino, zachabechabe simudzazisirira.

Chachiŵiri, gulani kwa mwini ntchito, makamaka amene mwamuona akugwira. Funani amene ali ndi dzanja lakelake. Mnyamata wojambula amayi a pamsika wa Ndirande, kapena phiri lathuli monga aliwonera iye, aposa wojambula dzuŵa likuloŵa panyanja monga achitira anzake onse pofuna kukopa alendo. Muonenso ngati ali wakhama, pakuti wosiya ntchito chaka chamaŵa dzina lake lidzaiŵalika.

Chachitatu, asaine dzina lake ndi chaka pa chithunzicho, kapena aseme kunsi kwa chiboliboli. Akulembereninso kapepala konena dzina la ntchitoyo, tsiku ndi mtengo, ndipo mukasunge pamodzi ndi makalata a nyumba. Popanda umboni wotere, ngakhale mnyamatayo adzatchuke, ndani adzakukhulupirirani?

Chachinayi, chenjerani ndi chikomekome cha mkuyu. Pali ena amene amapaka polishi wa nsapato pa mtengo wamba kuti uoneke ngati phingo. Phingo weniweni ndi wolemera m'manja, ndipo kuda kwake kumaloŵa mpaka m'kati. Tembenuzani muone kunsi, mukandeko pang'ono ndi chikhadabo mwini wake akuona.

Chachisanu, samalani chimene mwagula. Utsi wa mbaula umadetsa chithunzi, dzuŵa limachifwifwitsa, ndipo khoma lonyowa nthaŵi ya dzinja limachichititsa nkhungu. Chiboliboli musachiike pansi pamene chiswe chingafike.

Pomaliza, musanenerere mtengo mpaka mwanayo kulira. Penti, nsalu ndi matabwa zonse n'zogula, ndipo masiku amene wakhala pa ntchitoyo nawo ali ndi mtengo. M'mera mpoyamba. Ndalama zimene mumpatsa lero ndi zimene zimuthandize kuti asataye burashi nkupita kukasenza katundu pamsika, ndipo iye akapitiriza, mpamene chithunzi chanu chingadzakwere mtengo.

Gulani chokhacho chimene mtima wanu wachikonda, choti mukhoza kuchiyang'ana zaka 20 osatopa nacho. Chikadzakwera mtengo, adzukulu anu adzakuthokozani. Chikapanda kukwera, mudzakhala mutakongoletsa nyumba ndi kuchirikiza mwana wa mnansi wanu, ndipo simudzakhala ndi ngongole kwa munthu aliyense.