Wamisala Adaona Nkhondo

Makolo athu adati wamisala adaona nkhondo. Ambiri pamwambiwu amangotolapo liwu loti wamisala, naiwala kuti amene adanena zoona ndi iyeyo. Opusa adali omusekawo.

Lero mu Lilongwe muno, m'minibasi za ku Old Town ngakhalenso pa Facebook, wina akalankhula zosakomera anzake amangoti, "Ameneyu ngwa ku Zomba." Abale anga, mawuwa ali ndi mbiri yowawa. Mu 1910 atsamunda adayamba kutsekera odwala maganizo pandende ya Zomba, ndipo chipatala chenicheni chidadzatsegulidwa mu 1953. Tikamatchula Zomba monyoza, tikuwabwezera kundende kuja.

Liwu loti misala nalonso talisenzetsa katundu wambiri: khunyu, kuvutika maganizo kwa mayi wongochira kumene, kuiwalaiwala kwa nkhalamba, zonse m'dengu limodzi. Ine ndikadakonda tizingoti munthu akudwala maganizo, monga tinenera za malungo. Pakadali pano mnyamata wa ku Area 15 amene tulo tidamuthawa kalekale akuzengereza kupita ku St John of God ku Area 43, pafupi pomwepa, poopa dzina limene anansi amupatse akamva.