Shamrock wa ku Chichiri ndi maina amene sanalembedwe

Ambiri a inu mukamabwera ku Blantyre kuchokera kunyanja mumatsikira pa Wenela, koma ndikukayika ngati munayamba mwacheukapo ndi kuona kuti pafupi pomwepo pali siteshoni ya sitima. Ifenso a kuno ku Mbayani timadutsapo tsiku ndi tsiku popita m'tauni, maso ali pa matumba athu poopa akuba, osaganizako n'komwe kuti njanji imeneyo inafika pamenepo m'chaka cha 1908. Ulendo uno ndafuna kuti tichezeko za sitima za pamtunda zakale, chifukwa tsiku lina nditapita ndi ana kukaona imodzi mwa izo, ndinabwerako ndi funso limene likundisautsabe.

Ku Chichiri, panyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa m'chaka cha 1966, panja pake anaikapo sitima yaing'ono yoyendera moto. Kampani yoyamba ya njanji m'dziko muno, ya Shire Highlands Railway, inayamba ntchito ndi sitima ziwiri zopangidwa ndi kampani ya Bagnall ya ku Stafford, ku Mangalande. Ina anaitcha Thistle, ina Shamrock. Zitakalamba, Thistle anamuika pa siteshoni ya Limbe ndipo Shamrock anamupititsa ku Chichiri. Amene amasunga masitampa akale angakumbukire kuti Thistle anajambulidwa pa sitampa ya Malawi m'chaka cha 1968.

Mwana wa lero, amene anangoonapo sitima za dizilo zokoka mabogi ambirimbiri a malasha, amaseka akaona kuchepa kwake. Koma muimitseni pafupi ndipo mumulongosolere, mudzaona akusiya kuseka. Kumbuyo kuli ng'anjo. Moto wa m'ng'anjomo umawiritsa madzi mu mgolo wautali wachitsulo, nthunzi yake imakankha zitsulo ziwiri, ndipo zitsulozo zimazunguza mawilo. Basi, nzeru yake ndi yomweyo, yofanana ndi chivundikiro cha poto chimene chimavina madzi akamawira. Munthu mmodzi amayendetsa, wina ntchito yake ndi kuponya nkhuni kapena malasha pamoto kuchokera poyambira ulendo mpaka pothera, thukuta lili kamukamu. Tsono ganizirani kuti njanjiyo, ya makilomita pafupifupi 180, inkachokera ku Nsanje, kumene kale kunkatchedwa Port Herald, kudzera ku Chiromo, n'kutsata mtsinje wa Ruo, kukwera mapiri mamita oposa 1,000 kudzera ku Luchenza mpaka kufika ku Limbe. Kanali kantchito ndithu.

Funso langa ndi ili. Maina a sitimazo tikuwadziwa. Dzina la kampani imene inazipanga, ngakhale mzinda umene inali, tikudziwa. Nanga amene anakumba mapiri a m'mbali mwa Ruo ndi makasu ndi mapiki, maina awo ali kuti? Njanji isanabwere, katundu yense wochokera kudooko la pa Shire ankabwera ku Blantyre pamitu pa anthu, amtengatenga, ndipo ena ankapitirira naye mpaka ku Matope kuti akakwere sitima za pamadzi zopita ku Fort Johnston, Mangochi wa lero. Njanji inamangidwa chifukwa madzi a mu Shire ankachepa, sitima za pamadzi zinkatitimira mumchenga, komanso eni minda ankafuna kuti anthu azilima m'minda yawo m'malo mosenza katundu. Ngakhale pomanga njanjiyo, anthu omwewo ndiwo anagwira ntchito yolemetsa. Chitsulo chinasungidwa ndipo chili ndi dzina, koma anthuwo sanalembedwe paliponse pamene mwana angawerenge.

Mwina wina wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota anganene kuti, ife njanji sinafike kwathu, nkhaniyi itikhudza bwanji? Ikukukhudzani kwambiri, mwinanso kuposa ife a m'tauni. Chaka cha 1935 chinasintha moyo wa kunyanja. M'chaka chimenecho anamaliza mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi, wotalika makilomita oposa 3 ndi theka, ndipo anamalizanso njanji yochokera ku Blantyre kudzera ku Balaka ndi Chipoka mpaka ku Salima. Kuyambira pamenepo munthu ankatha kutsika sitima ya pamadzi pa Chipoka, n'kukwera ya pamtunda, kuoloka Zambezi osakweranso bwato, kukasintha sitima pafupi ndi Beira, n'kulowera ku Umtali ndi Salisbury, kumene lero timati Mutare ndi Harare. Kodi ndi banja liti la kunyanja limene lilibe agogo kapena amalume amene anapita ku Halale kapena ku Joni? Ena anabwerako ndi njinga, makina osokera ndi sutikesi yachitsulo, ena anakhala matchona. Ambiri mwa Asilamu a ku Zimbabwe lero ndi zidzukulu za anthu ochokera kuno, ndipo mizikiti yambiri ya m'migodi ndi m'mafamu a kumeneko anayambitsa ndi iwowa. Ngakhale dzina loti Wenela lija ndi la bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku South Africa.

Ndinene pang'ono za kunja, pakuti pali chinthu chimene chinandidabwitsa. M'chaka chomwecho cha 1908, pamene sitima inafika ku Blantyre, njanji ya Hijaz yochokera ku Damascus inafikanso ku Madina, kotero kuti ulendo wa Hajj umene unkatenga masabata angapo pa ngamila unayamba kutenga masiku owerengeka. Njanjiyo inaonongeka pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndipo sinabwererenso mwakale, koma siteshoni yake ya ku Madina anaisandutsa malo osungiramo mbiri ya njanjiyo. Anzathu oyandikana nawo anachitanso chimodzimodzi: ku Bulawayo, ku Livingstone ndi ku Maputo kuli nyumba zosungiramo sitima zakale ndi zipangizo zake. Ku Bulawayo munthu amaona ngakhale bogi imene inanyamula maliro a Cecil Rhodes m'chaka cha 1902.

Kwathu kuno mbiri yotere ilipo yokwanira kudzaza nyumba yonse. Pali njanji ya ku Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970 ndi kutilumikiza ku doko la Nacala. Pali ya ku Salima mpaka ku Lilongwe ya 1979. Pali zaka za m'ma 1980 pamene nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira zonse ziwiri zopita kunyanja ya mchere, mlatho wa Dona Ana n'kuphwanyidwa. Mu 1997 madzi osefukira anadula njanji cha ku Chiromo, ndipo mu 1999 boma linapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Pa kusintha kulikonse kotere pamatayika zinthu: mabelu, nyale za masiginolo, mabuku a matikiti, yunifolomu. Ndipo tisanamizane, ena mwa ife tomwe, pofuna ndalama ya msanga, timazula zitsulo za m'mbali mwa njanji kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Kumeneko ndi kuba, ngakhale chitsulocho chitachita dzimbiri chotani, ndipo pa njanji imene sitima ikuyendabe ndi kuika miyoyo ya anthu pachiswe.

Komabe ine sindikudandaula kwambiri za chitsulo, chifukwa chimapirira mvula ndi dzuwa zaka zambiri. Anthu ndiwo akutha msanga. Munthu amene anakwera sitima ya moto pa Chipoka ali mnyamata m'zaka za m'ma 1950, lero ali ndi zaka zoposa 80. Ngati m'nyumba mwanu muli agogo otere, musadikire. Tumani mwana wa sukulu atenge kope ndi cholembera, kapena foni yojambula mawu, akhale nawo pakhonde. Awafunse kuti ananyamuka chaka chanji ndipo ndi ndani, tikiti anagula ndi ndalama zingati, kamba wa paulendo anali chiyani, anagona kuti podikira sitima ina, anaswali bwanji m'bogi yodzaza anthu, ndiponso ndani mwa anzawo amene sanabwerere. Ngati akufotokoza m'Chiyao, mwanayo alembe m'Chiyao momwemo. Mukapeza chitupa chakale, chithunzi kapena tikiti pansi pa sutikesi, musakolezere moto.

Ndipo mukadzabwera ku Blantyre pa tchuthi, patulani mmawa umodzi, mukwere minibasi yopita ku Limbe, mutsike pa Chichiri. Ngati agogowo angathe kuyenda, muwatenge, aime pambali pa Shamrock, ana amve kuchokera pakamwa pawo mmene utsi unkalowera pawindo ndi mmene zothetheka za moto zinkabowolera malaya.